Msewu wa pansi pa phiri la Rohtang: mmene anthu a ku Lahaul anasiyira kutsekeredwa ndi chipale

Kumpoto kwa India, m'chigawo cha Himachal Pradesh, kuli chigwa chotchedwa Lahaul. Mpaka chaka cha 2020, anthu a kumeneko chaka ankachigawa pawiri: miyezi imene msewu uli wotsegula, ndi miyezi imene watsekeka. Njira yaikulu yolowera m'chigwacho inkachokera m'tauni ya Manali, n'kukwera mokhotakhota makilomita pafupifupi 50 mpaka pa mpata wa Rohtang, womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,980, kenako n'kutsetserekera ku mtsinje wa Chandra. Chipale chofewa chikayamba kugwa mwamphamvu cha mu Novembala, mpatawo unkakwiririka, ndipo galimoto inkadzadutsanso mu Meyi kapena mu Juni, makatapila atatha milungu yambiri akukumba.

Choncho miyezi ya Seputembala ndi Okutobala inali ya kalikiliki. Banja lililonse linkasunga ufa, mpunga, mafuta, palafini, nkhuni ndi udzu wa ziweto zokwanira theka la chaka. Mbatatesi zimene alimi akolola zinkayenera kuwoloka phiri chipale chisanagwe, apo ayi zatsala. Koma matenda sadikira kuti msewu utseguke. Munthu akadwala mwakayakaya mu Januwale, kapena mayi woyembekezera zikamuvuta moti akufunika chipatala chachikulu cha ku Kullu kapena ku Shimla, chiyembekezo chinali helikopita ya boma. Helikopita nayo imauluka kumwamba kukayera. Mitambo ikakuta masiku anayi, wodwalayo ankadikira masiku anayi omwewo. Ena ankangolimba mtima n'kuwoloka mpatawo wapansi, ndipo boma linkaika magulu opulumutsa anthu ku Marhi ndi ku Koksar, mbali ziwiri za phirilo, chifukwa si onse ankafika.

Pa 3 Okutobala 2020 nduna yaikulu ya India, a Narendra Modi, anatsegula msewu wobooledwa m'kati mwa phirilo, wotchedwa Atal Tunnel. Ndi wautali makilomita 9.02. Khomo lake lakumwera lili makilomita 25 kuchokera ku Manali, pamtunda wa mamita 3,060, ndipo lakumpoto limatulukira pafupi ndi mudzi wa Sissu, pamtunda wa mamita 3,071. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye kuti dalaivala amene ali m'kati mwa msewuwu, chiphiri chonse chili pamutu pake, ali pamwamba kuposa munthu amene waima pa Sapitwa. Ulendo unafupika ndi makilomita 46, ndipo maola anayi kapena asanu amene ankathera pokwera ndi kutsika Rohtang anachoka. Mphindi 10 kapena 15, mwatulukira tsidya lina.

Komabe makilomita 46 amenewa si amene ali ndi nkhani. Chachikulu chimene msewuwu unachita n'kuchotsa njira pamalo pamene chipale chimalamulira. Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, moti imene ikugwa ngati mvula ku Manali, pa mamita pafupifupi 2,000, pa Rohtang imagwa ili chipale. Chipalecho sichisungunuka tsiku lomwelo. Chimasanjikizana, cha lero pamwamba pa cha dzulo, mpaka mulu wa mamita angapo. Ndiye mpata wa phiri ndi pamene mphepo imapanikizana podutsa, ndipo imasesa chipale cha m'malo oonekera n'kukachiunjika m'makona a msewu. Katapila akhoza kulambula masana, usiku mphepo n'kukwiriranso. Kuwonjezera apo pali kugumuka. Chipale chikachuluka pamalo otsetsereka, chigamba chonse chimatha kuthothoka nthawi imodzi n'kutsika ndi liwiro loposa la galimoto, chitakokolola miyala ndi mitengo. Palibe boma limene lingalimbane ndi zimenezi pa mamita 3,980 kwa miyezi 6 chaka chilichonse. Koma mukatsitsa msewu ndi mamita 900 n'kuulowetsa m'thanthwe, gawo loopsa kwambiri la ulendo limadutsa pomwe sipagwa chipale, sipaomba chimphepo, ndipo palibe chogumukira pa magalimoto.

Anthu a ku Lahaul anapempha msewu wotere kwa zaka zambiri. Koma boma lonse la Lahaul ndi Spiti linali ndi anthu 31,564 okha pa kalembera wa 2011, m'dziko la anthu opitirira biliyoni imodzi, ndipo kulira kwa anthu ochepa chonchi sikufika msanga ku New Delhi. Chimene chinasintha maganizo a akuluakulu ndi nkhondo. Mu 1999 India ndi Pakistan anamenyana ku Kargil, ndipo msewu wochokera ku Srinagar kupita ku Leh, tauni yaikulu ya dera la Ladakh, umene asilikali a India ankadalira, unali poti mizinga ya mbali inayo imaufikira. Njira ina yopita ku Ladakh inali yomweyi ya Manali, yotsekeka theka la chaka. Mu Juni 2000 nduna yaikulu ya nthawiyo, a Atal Bihari Vajpayee, amene anali ndi nyumba pafupi ndi Manali, analengeza kuti phirilo libooledwa, ndipo n'chifukwa chake msewuwu unapatsidwa dzina lawo mu Disembala 2019, iwo atamwalira kale. Ntchitoyo inaikidwa m'manja mwa Border Roads Organisation, nthambi ya unduna wa zachitetezo imene imamanga misewu ya m'malire. Mfundo imeneyi siyenera kubisidwa. Mayi wa ku Sissu amene lero amafika kuchipatala mu Januwale akupindula ndi ndalama zimene zinatulutsidwa poganizira mathiraki a asilikali. Phindulo ndi lenileni, koma zimandipweteka kuti moyo wake pawokha sunali wokwanira kumasula thumba la boma.

Mwala wa maziko unaikidwa pa 28 Juni 2010, ndipo okumba anali makampani awiri ogwirizana, Strabag ya ku Austria ndi Afcons ya ku India. Ankayembekezera kumaliza cha mu 2015. Zinatenga zaka 10.

Gwero la kuchedwaku ndi mtundu wa mapiri a Himalaya. Poyerekeza ndi mapiri ena, awa ndi a dzulodzulo, ndipo akukulabe, chifukwa nthaka ya India ikukankha ya Asia masentimita angapo chaka chilichonse. Kukankhanaku kunapinda miyala, kuiphwanya ndi kuisakaniza. Mukhoza kukumba mamita 20 m'thanthwe lolimba bwino, kenako n'kulowa m'miyala yofumbutuka yodzaza madzi. Kufufuza kochitira pamwamba sikuulula zonse, makamaka pamene phiri lakwera pafupifupi makilomita awiri pamwamba pa njira imene mukukumbayo.

Ndi chifukwa chake sanagwiritse ntchito chimakina chachikulu chozungulira chimene chimaboola miyala mosalekeza. Chimakina chotero chimathamanga thanthwe likakhala la mtundu umodzi, koma chikapanidwa ndi miyala yofewa chimatha kukakamira pamodzimodzi kwa miyezi. Anasankha njira yochedwa koma yomvera phiri, imene mainjiniya amaitcha New Austrian Tunnelling Method. Makina amaboola timabowo tambirimbiri pakhoma lakutsogolo. Amaikamo zophulitsira, aliyense n'kubwerera m'mbuyo, n'kuphulitsa. Fumbi ndi utsi zikachoka, amatapa miyala yogumukayo n'kuitulutsa pa mathiraki. Kenako, thanthwe lisanayambe kumasuka, amalipopera konkire yamadzimadzi imene imauma msanga, amakhomamo zitsulo zazitali kuti miyala yakunja igwirane ndi yam'kati, ndipo pamalo ofooka amaimika mauta achitsulo. Cholinga n'chakuti phiri lenilenilo lithandize kudzinyamula, m'malo moti khoma la konkire lisenze katundu yense lokha. Tsiku ndi tsiku amayeza ngati makoma asuntha, ngakhale ndi mamilimita ochepa, ndipo zimene apezazo ndi zimene zimawauza kuti mawa akumbe mamita angati, aike zitsulo zingati.

Zinthu zinkayenda mpaka atafika pansi pa kamtsinje kotchedwa Seri Nalah, cha mbali yakumwera. Pamenepo pali mng'alu waukulu, ndipo m'malo mwa thanthwe anakumana ndi matope, mchenga ndi miyala yophwanyika, zonse zikukhuthukira m'njira pamodzi ndi madzi, malita masauzande pa mphindi imodzi. Akakumba pang'ono, matope ankadzaza pomwe akumbapo. Anachita kuboola mabowo oti madzi azitulukira, kupopera simenti m'nthaka kuti igwirane, kukhoma mapaipi achitsulo kutsogolo kuti akhale ngati denga, n'kumakumba pansi pake pang'onopang'ono, kagawo kamodzi, kukalimbitsa, kenako kena. Mtunda wovutawo ndi mamita 587 okha, woti munthu amauyenda wapansi mphindi zosakwana 10. Unawadyera zaka pafupifupi 4.

Kumpoto vuto linali lina. Kuti antchito, simenti ndi mafuta zifike pa khomo la ku Sissu, zinkayenera kudutsa pa Rohtang pomwepo, choncho nyengo yozizira ikafika ntchito ya mbali imeneyo inkaima. Magulu awiriwo anakumana m'kati mwa phiri mu Okutobala 2017. Ntchito yonse inadya ma rupee opitirira 30 biliyoni.

Amene angaganize kuti okumbawo ankangozengereza akumbukire za ku Silkyara, m'chigawo cha Uttarakhand. Mu Novembala 2023 mbali ya msewu wina wa pansi pa phiri umene unkakumbidwa kumeneko inagumuka n'kutsekera antchito 41 m'kati kwa masiku 17. Onse anatuluka amoyo, koma mamita omaliza anachita kukumbidwa ndi manja makina atathyoka. Miyala ya Himalaya siilola phuma.

Ku Rohtang anthu sanadikire mwambo wotsegulira. Phiri litangobooka, ngakhale kuti m'katimo munali matope ndi makina okhaokha, odwala mwakayakaya anayamba kudutsitsidwa. Mu Seputembala 2018 chipale chinagwa nthawi isanakwane n'kutsekereza alendo ambiri ku Lahaul, ndipo ochuluka anatulutsidwa kudzera m'njira yosamalizayo. Kumapeto kwa 2019 basi ya boma inayamba kunyamuliramo anthu a m'chigwacho.

Kuboola kukatha, ntchito sinathe. Mphanga ya makilomita 9 yodzaza magalimoto ndi malo oti munthu akhoza kufa ndi utsi popanda galimoto kugundana. Pamtunda wa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka: pakupuma kamodzi munthu amakoka okosijeni wochepa ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi amene ali m'mphepete mwa nyanja yamchere. Injini nayo imakoka mpweya womwewo, ndiye imatentha mafuta mosakwanira n'kutulutsa utsi wambiri, kuphatikizapo carbon monoxide, mpweya wopanda fungo koma wakupha. Msewuwu anaukonza kuti uzilandira magalimoto ang'onoang'ono 3,000 ndi mathiraki 1,500 patsiku. Choncho pamwamba pa denga limene dalaivala amaliona pali njira ina ya mpweya, mafani akuluakulu amasinthanitsa mpweya wam'kati ndi wakunja, ndipo pa kilomita iliyonse pali zida zoyezera ngati mpweyawo uli bwino.

Choopsa kuposa zonse ndi moto. Mayiko anaphunzira zimenezi mowawa pa 24 Malichi 1999, m'msewu wa pansi pa phiri la Mont Blanc, pakati pa France ndi Italy. Thiraki yonyamula ufa ndi majarini inayaka, motowo unatha masiku oposa awiri, ndipo anthu 39 anafa, ambiri chifukwa cha utsi ali m'magalimoto awo. Chichitikireni zimenezo, funso loyamba pa msewu wotere limakhala lakuti, zikavuta munthu athawira kuti? Ku Atal Tunnel kothawirako kuli pansi pa msewu womwewo. Mphanga ndi imodzi, magalimoto opita ndi obwera amapatukirana pa msewu wa mamita 8 m'lifupi, koma pansi pake pali kanjira kena ka mamita 3.6 m'lifupi ndi 2.25 m'mwamba, ndipo pa mamita 500 alionse pali khomo lolowera m'menemo. Pa mamita 60 alionse pali mpopi wozimitsira moto, pa 150 pali foni, pa 250 pali kamera, ndipo pa makilomita 2.2 alionse pali malo otambalala oti galimoto itembenukire. Zinthu zimenezi sizituluka pa zithunzi zimene alendo amajambula pakhomo, koma ndi zimene zimafuna ndalama chaka ndi chaka. Fani yosakonzedwa, kapena chitseko chothawira chimene chachita dzimbiri, zimangodziwika tsiku la tsoka.

M'katimo saloleza kuima kapena kupitirira galimoto inzake. Mu Disembala 2020 apolisi anamanga alendo ena amene anaimitsa magalimoto pakati pa msewuwu n'kuyamba kuvina. Anachita bwino apolisiwo. M'njira yopanda kokhotera, galimoto imodzi yoima imaimitsa mazana, onse akufuka utsi, ndipo mwina pakati pawo pali ambulansi.

Ndiye pali makomo, ndipo apa m'pamene mawu akuti msewu wa nyengo zonse tiyenera kuwamva mosamala. M'kati simugwa chipale, koma makomo onse awiri ali pamwamba pa mamita 3,000, ndipo msewu wochokera ku Manali kudzera ku Solang umadutsa m'munsi mwa zigwembe zimene chipale chimagumukiramo. Kuti ngozi yake ndi yotani, a ku Afghanistan amadziwa: mu Febuluwale 2010 chipale chinagumukira pa msewu wopita ku mphanga ya Salang n'kupha anthu opitirira 160, mphangayo ili chiimire. Mwayi wake ndi wakuti chipale chogumuka chimakonda kutsata njira yomweyomweyo chaka ndi chaka. Akatswiri a bungwe la Snow and Avalanche Study Establishment, lomwe linali ndi malo ake ku Manali, anathandiza kudziwa njira zimenezo, ndipo pamalo otero anamanga madenga a konkire ophimba msewu kuti chipale chidutse pamwamba, pena makoma ochipatutsa. Ngakhale zili choncho, chikagwa kwambiri msewu umatsekedwabe, kapena amangololeza magalimoto okoka ndi matayala onse anayi. Madzi oundana pa phula pafupi ndi makomo amaterereketsanso madalaivala ochokera m'mizinda yotentha, amene sanayendetsepo pamalo otere. Kusiyana kwake n'kwakuti kutsekako tsopano ndi kwa maola kapena masiku, osati miyezi. Mvula nayo ili ndi mbali yake: mu Julayi 2023 mtsinje wa Beas unasefukira n'kukokolola mbali zina za msewu wa pakati pa Kullu ndi Manali, moti mphanga inali bwinobwino koma kuifikira kunali kovuta.

Kwa mlimi wa ku Lahaul kusinthaku n'kwakukulu. Chigwacho n'chouma, chifukwa mitambo ya mvula yambiri imathera kumwera kwa phiri. Ulimi wake ndi wothirira ndi madzi a chipale chosungunuka, ndipo amakolola kamodzi pachaka. Koma chifukwa cha kuzizira, nsawawa, kolifulawa ndi ndiwo zina zamasamba zimacha kumeneko pa nthawi imene m'zigwa zotentha za India zasowa, ndipo mbatatesi za ku Lahaul n'zotchuka ngati mbewu. Kale thiraki ya ndiwo inkatha kukhala maola ambiri pa Rohtang, m'matope, kumbuyo kwa mdipiti wa magalimoto a alendo, ndiwo n'kumafota, wogula n'kupezerapo mwayi wogwetsa mtengo. Lero zothyoledwa m'mawa zikhoza kufika kumsika wa ku Kullu tsiku lomwelo. Mabanja amene ankasamukira ku Manali kapena ku Kullu chisanu chikayandikira, poopa kutsekeredwa ndi nkhalamba kapena mwana wodwala, tsopano akhoza kupita ndi kubwerako.

Koma khomo lotulutsira mbatatesi lomwelo limalowetsanso anthu. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndi chaka chatsopano magalimoto amene amadutsa tsiku limodzi amapitirira kutali chiwerengero chimene msewuwo anaukonzera. Anthu a m'midzi atsegula malo ogona alendo ndi odyera, achinyamata akupeza ndalama kwawo komweko, ndipo zimenezi n'zosangalatsa. Koma mabotolo apulasitiki ndi mapepala a zakudya ali mbwee m'mphepete mwa Chandra, kudera lozizira kumene zinyalala sizivunda msanga, komanso kumene kunalibe dongosolo lotolera zochuluka chonchi. Khothi loona zachilengedwe la National Green Tribunal linali litachepetsa kale magalimoto okwera pa Rohtang kufika pa 1,200 patsiku pofuna kuteteza phirilo, koma khamulo lapeza njira ya pansi. M'zaka zaposachedwapa akuluakulu a mudzi wa Sissu akhala akuimitsa zokopa alendo kwa milungu ingapo pa nyengo ya chikondwerero cha Halda, cha mu Januwale ndi Febuluwale, kuti achite miyambo yawo popanda phokoso. Ndikuona kuti ali ndi ufulu wonse wotero. Kale chipale ndi chimene chinkawatsekera khomo pa nyengo imeneyi iwo osafuna. Tsopano akusankha okha nthawi yotseka, ndipo boma ndi eni mahotela a ku Manali ayenera kuwamvera.

Nanga cholinga cha asilikali chija? Sichinakwaniritsidwe chonse. Mukapitirira Keylong, likulu la boma la Lahaul ndi Spiti, msewu wa ku Leh umakweranso pa Baralacha La, mamita pafupifupi 4,890, kenako pa Lachulung La ndi Tanglang La, yomwe ikupitirira mamita 5,000, ndipo mipata yonseyi imatsekeka nyengo yozizira. Anthu a ku Spiti, omwe ali m'boma limodzi ndi a ku Lahaul, amalekanitsidwabe ndi likulu lawo ndi mpata wa Kunzum. Ukatseka, ulendo wa ku Keylong umakhala wozungulira kudzera ku Kinnaur, makilomita mazanamazana.

Ndiye ntchito yasamukira kumtunda. Mu Julayi 2024 anayamba kuboola pa Shinku La, msewu wa makilomita 4.1 pamtunda wa mamita pafupifupi 4,800, umene udzalumikize Lahaul ndi chigwa cha Zanskar n'kulimbitsa njira yachitatu yopita ku Leh. Kumeneko n'kokwera ndi mamita oposa 1,700 poyerekeza ndi Atal Tunnel. Mpweya ndi wopepuka kwambiri moti wantchito amatopa msanga, nyengo yogwira ntchito panja ndi yaifupi, ndipo konkire imafuna kuifunditsa kuti isaundane isanaume. Amene akudikira tsopano ndi anthu a ku Zanskar, omwe kwa mibadwo yambiri njira yawo yotulukira m'chigwa nyengo yozizira inali kuyenda wapansi masiku angapo pamwamba pa mtsinje woundana.